Injini ya ba Kombe mu Galimoto ya Atate

Johannesburg
6 Ogasiti 2023

Ba sisi Virginia,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino ku Matero. Ine ndili bwino, ntchito ikuyenda.

Ndalemba kalata chifukwa chikanganirane chathu pamaliro a amayi chaka chatha, foni yanga simuyankha. Inenso ndatopa kuimbira munthu amene amangoiyang'ana ikulira. Amene wakupatsani kalatayi ndi Chilekwa, mnzanga woyendetsa thiraki. Amadutsa mu Lusaka kawiri pamwezi. Yankho muzimupatsa iyeyo.

Nkhani ndi iyi. Pa 16 Disembala ndikumanga ukwati ndi Judith, mwana wa ba Nsofwa a ku Kabulonga. Kwawo ndi anthu a magalimoto, ndiye sindifuna kukafika patchalitchi pa galimoto yobwereka ngati munthu wopanda kwawo. Ndikufuna MG ya malemu atate, yobiriwira ija ya mipando iwiri, imene anawasiyira bwana wawo wachizungu pobwerera kwawo. Yagona kuseri kwa nyumba zaka makumi awiri ndi zisanu, nkhuku zikuikiramo mazira. Ndagula injini ya masiku ano, yoyendera kompyuta. Anandipezera ndi Chilekwa yemweyo, ndipo waibweretsa pamodzi ndi kalatayi.

Ntchito yoika injiniyo muwapatse ba Kombe. Musaganize kuti ndayamba kuwakonda. Munthu amene anakwatira amayi patangotha chaka atate atamwalira, n'kulowa m'nyumba ya mnzake, n'kutenga ngakhale masipanala ake, ine sindidzamuwerengera. Koma galimotoyi amaidziwa, poti ankagwira ntchito ndi atate pagaraja imodzi. Muziwayang'anira. Bauti iliyonse imene yabwera ilowe m'galimotomo.

Mundiuze ikayamba kulira.

Ndine mlongo wanu,
Moven Daka


Matero, Lusaka
21 Ogasiti 2023

Moven,

Moni wako ndamulandira. Ife tili moyo. Ba tata Kombe, amene sunawafunse, shuga akuwavuta, ndipo ali ndi chilonda kuphazi lamanzere chimene chikuchedwa kupola. Mwala wa pamanda a amayi, umenenso sunaufunse, tinaika mu Juni.

Ukuti sindiyankha foni. Munthu amene anafika maliro atapita kale kumanda, n'kuyamba kufunsa za mapepala a nyumba anthu akulira, ndimuyankhe chiyani?

Injini yafika. Anaitsitsa amuna anayi, Chilekwa wakoyo ataima potero akutafuna chingamu. Kalata yako anandipatsa yotsegula kale. Akuti inanyowa panjira. Mu Ogasiti, Moven. Mvula yake iti?

Ndinawawerengera ba tata kalata yonse, osadumpha ngakhale mawu aja a masipanala. Anangoti, "Mwana akwatira, ni chinthu chabwino." Kenako anatenga tochi n'kuyamba kuizungulira injini yakoyo. Anagwada, anapukuta pambali pake ndi kansalu, anasisita ndi chala. Anakhala chogwada nthawi yaitali. Atadzuka anaikokera m'kachipinda ka zitsulo, anaifunditsa lona n'kumanga ndi chingwe. Tsiku limenelo sanadye.

Ndawafunsa chavuta n'chiyani, akuti palibe. Koma MG ayamba kuigwira. Achotsa injini yake yakale yakufa, atsuka thanki, mabuleki amasula onse. Amadzuka m'mamawa akutsimphina, munthu wa zaka 68, chifukwa cha ukwati umene ngakhale khadi loitanira sanalandire.

Ine si kapitawo wako. Ndili ndi ana makumi asanu ndi limodzi m'kalasi kusukulu ya ku George, andikwanira. Ukafuna woyang'anira mabauti, bwera udzakhale pamenepo wekha.

Virginia


Johannesburg
18 Sepitembala 2023

Ba Kombe,

Moni. Ndamva kuti phazi likuvuta. Muzipita kuchipatala.

Mlamu wanga Kabaso, mlongo wake wa Judith, anadutsa kumeneko Lamlungu kudzaona galimoto. Zimene wandiuza pa foni sindikuzimvetsa. Akuti atatsegula boneti anapeza chiinjini chakuda, chonunkha oyilo, chokhala ndi kabureta ya nthawi ya Federeshoni. Akutinso vaneti yanu ya Austin, imene mumanyamulira anthu mchenga ndi mabuloko, ili pamiyala, kutsogolo kwake kuli pululu.

Ndiye kuti mwazula injini ya chingolo chanu cha 1964 n'kuika m'galimoto ya atate ya 1971? Ndinakutumani kuti muikemo injini yokalamba kuposa galimoto yomwe?

Kabaso anaseka mpaka anatsamira mpanda. Anajambula chithunzi, ndipo tsopano banja lonse la ba Nsofwa lachiona. Apongozi anga andifunsa ngati mkwatibwi adzafunika kutsika n'kukankha. Mwandivula pamaso pa anthu amene ndisanalowe n'komwe m'banja lawo.

Yanga ili kuti? Kabaso atakufunsani, akuti munangomuyankha kuti "ili bwino pamene ili." Limenelo si yankho. Ndikufuna mundilembere ndi dzanja lanu, osati kudzera mwa ba sisi amene amakuikirani kumbuyo pa chilichonse. Chilekwa adzabwera kudzatenga.

Moven


Matero
1 Okutobala 2023

Mwana wanga Moven,

Nakupatsa moni. Ine nili chabe bwino, phazi ni ukalamba, osaikako nzeru. Kulemba sinidziwa bwino, uzanikhululukira.

Vamene anaona mlamu wako ni voona. Injini ya Austin yanga ndiye ili mu MG. Manje mvera nikuuze. Mainjini awa awiri ni a mimba imodzi, anachoka ku fakitale imodzi ku Mangalande. Giyabokosi inailandira monga m'bale wake. Mabauti analowa pamalo pake, sininadule chitsulo olo chimodzi pa motoka ya atate ako. Ija yako ifuna kudula pansi, kuwotcherera, na mawaya a kompyuta amene akafa panjira palibe wa mu Matero angawautse. Iyi yanga naisunga zaka makumi atatu. Ikakhosomola nidziwa pamene payabwa.

Dzulo yalira. Tinafika nayo pa msika na kubwerera, Virginia ali pambali. Bazimai ba pa pompi banasiya mabaketi kusefukira. Ba Miti ba pa kona, bamene banadziwa atate ako, banavula chisote.

Siithamanga maningi, sinizakunamiza. Koma mkwatibwi sathamangitsiwa.

Injini yako ilipo, sininachotseko kanthu. Chifukwa china chamene sininaiikire nizakuuza pamaso, tili awiri. Pepala iyenda mu manja ambiri. Nikupempha chinthu chimodzi chabe, osakamba za injini iyo kuli muntu aliyense. Uyembekeze Disembala, si patali.

Umupatse moni Judith. Sininamuone, koma nakondwera.

Ine,
Kombe


Johannesburg
13 Okutobala 2023

Ba sisi,

Moni. Sindifunsa zambiri, ndili ndi mkwiyo.

Kalata ya mdala wanu ndaiwerenga katatu. "Osauza munthu aliyense." "Nizakuuza pamaso." Amenewa ndi mawu a mbala, ba sisi. Munthu amene sanalakwe amalankhula poyera. Ndikudziwa zimene zikuchitika. Injini ngati imeneyo ili ndi ogula ambiri mu Lusaka, a mataksi amaifuna. Apeza wogula, akungodikira kuti ukwati udutse, kenako adzandiuza kuti akuba analowa. Ndipo inu mukudziwa. Munakwera nawo mpaka kumsika mukuseka.

Chilekwa wandichonderera kuti ndingoisiya nkhaniyi. Akuti iye adzabwera kudzaitenga injiniyo mwakachetechete, aibwezere kuno. Ndakana. Ndakhala chete kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ndinaona munthu uyu akukhala pampando wa atate, akuvala ovolosi ya atate, amayi akumuthirira madzi osamba m'beseni la atate. Inu munamutcha tata sabata yomweyo. Ine sindinatero, ndipo sindidzatero. Za atate anatenga. Zanga satenga.

Ndalemba kalata ya dandaulo, ndamutumizira Kabaso pa foni. Lolemba akaipereka kupolisi. Ndanena kuti injini yanga yabedwa ndi Kombe wa ku Matero, ndipo akafufuze panyumba. Akafotokoze kumeneko zimene akuti pepala silingasunge.

Musandiimbire kudzandichonderera. Nambala yanu ndaitseka.

Moven


Matero
22 Okutobala 2023

Moven,

Moni ndilibe. Kalata iyi sindinamupatse Chilekwa, chifukwa Chilekwa wasowa ndipo foni yake yazima. Ndapatsa amai Miracle a kutchalitchi kwathu, amene amakwera basi kukagula katundu kumeneko. Ndakuimbira kanayi pa mafoni a anthu. Ukangomva mawu anga ukudula. Pepala sungalidule, ndiye werenga.

Apolisi anabwera Lachitatu masana, anthu atatu. Ba tata anali pansi pa MG akumanga ekizozi. Anatuluka, anapukuta m'manja, anawalonjera. Atamva chimene abwerera, anawatsogolera okha kukachipinda n'kuvundukula lona. "Iyi injini ya mwana. Palibe chachoka."

Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma wapolisi wamkulu anagwada pamalo pomwe paja anagwada ba tata tsiku loyamba. Anasisita ndi chala. Anati, "Mdala, nambala ya injini iyi ili kuti?"

Ba tata anati, "Palibe."

"Anaipala ndani?"

Ba tata anapukutanso m'manja.

"Mwaipeza kuti?"

Ine ndinakuwa kuti inachokera kwa mlongo wanga ku Johannesburg, yemweyo amene wadandaula. Ba tata anandiyang'ana ndi maso amene sindinawaonepo, n'kuti, "Virginia, khala chete." Wapolisi anati wodandaula kulibe, koma injini yopalidwa nambala ili m'nyumba ya mdalayu, ndipo injini yotero imachoka m'galimoto yobedwa. Anati nthawi zina mwini galimoto amakhala kuti anaphedwa. Anawakweza kumbuyo kwa vaneti ya apolisi atavala patapata, bandeji ili kuphazi, msewu wonse ukuonerera.

Ndinakawaona m'selo Lachinayi. Ndi pamene anandiuza zonse. Anaona tsiku loyamba lomwe kuti nambala inapalidwa ndi gilayinda n'kupakidwa penti. Akanaiika m'galimoto, tsiku lokailembetsa kapena pa rodibuloko iliyonse ya apolisi wogwidwa ukanakhala iwe, mwina utavala suti ya ukwati. Ndiye anazula injini ya vaneti yawo, imene inkatidyetsa panyumba pano, kuti ukhale ndi galimoto yopanda mlandu. Sanalembe m'kalata chifukwa makalata ako onse amafika otsegula, ndipo wowatsegula ndi yemwe anakugulitsa injiniyo. Anati, "Mwana ali yekha kuja, pakati pa anzake a Chilekwa. Bakadziwa kuti tadziwa, bangamuchite choipa."

Ndinawafunsa chifukwa chake sanakutchule kwa apolisi. Anati, "Ali pafupi kukwatira."

Bondi yoti atulukire awakaniza. Akuti mpaka amene anatumiza injini abwere, kapena atumize chikalata cholumbira chonena kuti ndi yake ndi kumene anaigula. M'selomo muli anthu makumi atatu, kutentha kwa Okutobala ukukudziwa, pansi pali madzi a kuchimbudzi. Chilonda chija chatseguka.

Chita changu.

Virginia


Matero
8 Novembala 2023

Moven,

Amai Miracle abwerako. Akuti anakupatsa kalata m'manja pa 25, pageti la kuntchito kwako. Akuti unaiwerenga uli chiimire, unaipinda, unati zikomo, n'kulowa mkati. Lero ndi masabata awiri.

Ba tata anawatengera kukhoti, tsopano ali kundende pa rimandi, kudikira mlandu. Kabaso anapita kukachotsa dandaulo lako, anamuuza kuti mlandu si wakonso, ndi wa boma. Anabwera kuno kudzapepesa, misozi ili m'maso. Mlamu wako wa dzulodzulo ali ndi manyazi kuposa iwe.

Ine ndanena zonse kwa wofufuza, dzina lako ndi la Chilekwa, ngakhale ba tata anandiletsa. Akuti mawu anga okha sakwanira.

Mvula yayamba. Ndimapita ndi chakudya tsiku lililonse ndikaweruka. Dzulo anabwera pawaya woonerana ndi akaidi atatsamira paphewa la mkaidi mnzawo. Zala ziwiri za kuphazi zada. Fungo ndinalimva ndili kuno kwa waya. Mankhwala a shuga amalandira tsiku lina, tsiku lina ayi. Ukudziwa chimene anandifunsa? Ngati ndinaifunditsa MG, poti denga lake la lona limadontha.

Unati wakhala chete kuyambira uli ndi zaka zisanu ndi zitatu. Unalankhula tsiku limodzi, munthu analowa m'ndende. Tsopano pofunika kulankhula wakhalanso chete.

Virginia


Johannesburg
10 Novembala 2023

Ba sisi Virginia,

Moni. Ba Kombe ali bwanji? Chonde mundiuze zoona.

Kalata yanu ya amai Miracle ndinailandira. Ndinachedwa, ndipo sindinama, ndinachita mantha. Patangopita masiku awiri, amuna awiri amene sindiwadziwa anabwera kuntchito. Anandifunsa ngati ndine mnzake wa Chilekwa. Mmodzi ananditchulira nambala ya chipinda chimene ndimagona, kenako anaseka n'kumapita. Ndasamuka, ndikugona kwa mnzanga. Mapepala anga okhalira kuno akutha mu Januwale, ndipo ndinaopa kuti ndikatchulidwa pa mlandu wa galimoto yobedwa andithamangitsa. Tsiku lililonse ndinkati mawa. Ndinkadziuza kuti munthu wokalamba sangamusunge nthawi yaitali, amutulutsa okha.

Lisiti ndilibe. Chilekwa anandionetsa injiniyo kuseri kwa garaja ina, anati ndi ya galimoto imene inachita ngozi. Sindinafunse zambiri chifukwa sindinafune kumva.

Lero ndapita kwa loya. Ndalumbira kuti injini ndi yanga, ndinagula kwa Chilekwa, ndipo ba Kombe sanadziwe kanthu mpaka itafika pakhomo. Ndaikamo zithunzi ndi mauthenga onse a pa foni. Ndatumiza pa ndege pamodzi ndi kalatayi, zifika Lachiwiri.

Koma ba sisi, akanangondiuza. Akanapeza njira. Munthu ukamuuza kuti "osauza aliyense" aziganiza chiyani? Sindikuti sindinalakwe. Ndikungoti si ine ndekha.

Ba Nsofwa aimitsa ukwati. Akuti aone kaye mapeto ake. Judith sakuyankha.

Ndikufuna kubwera pa Khirisimasi ndidzagwade pamaso pawo. Muwafunse ngati angandilandire. Nambala yanu ndatsegula.

Mlongo wanu,
Moven


Matero
10 Disembala 2023

Moven,

Tili moyo.

Chikalata chako chinafika pa 14 Novembala. Khoti linawamasula pa 21. Sitinapite kunyumba, tinachoka pageti la ndende n'kulunjika kuchipatala. Dokotala atamasula nsanza zimene anakulunga kuphazi, anandituma kuti ndikadikire panja. Pa 24 anadula mwendo m'munsi mwa bondo. Ananena kuti akanabwera masabata awiri m'mbuyomo, akanangochotsa zala ziwiri zija. Masiku amenewo uwawerenge wekha.

Ukuti si iwe wekha. Mawu amenewo ndinawawerengera ba tata ali pabedi la m'chipatala. Anati, "Akamba zoona, nanenso ninalakwa." Ine sindivomereza, ndipo usadzandibwerezerenso.

Injini yako ili kupolisi. Wofufuza akuti ukadzaponda mu Zambia ukamuone. Sakulonjeza kanthu.

Anawatulutsa m'chipatala Lachisanu. Ndinati ndiitane taksi, anakana. Anati, "Kanitenge na MG." Ndinawakumbutsa kuti chitengere laisensi sindinagwirenso chiwongolero. Anati, "Nizakuuza vochita." Ba Miti ndi amene anandithandiza kuifikitsa kuchipatala. Pobwerera ndinayendetsa ndekha, ba tata ali pambali, ndodo zawo zitatulukira kumbuyo.

Inazima kasanu ndi kawiri. Pa maloboti a mu msewu wa Lumumba inazima pakati penipeni, maminibasi akuliza mahutala, makondakitala akunditukwana. Ba tata akukuwa, "Kilachi pang'onopang'ono, iwe! Osaiponda monga upha njoka!" Ndinatembenuka kuti ndiwayankhe, ndipo ndinaona bondo lawo lamanzere likusuntha lokha, likufuna kuponda kilachi ndi phazi limene kulibe. Iwonso anaona. Mahutala ankalirabe. Kenako anati, "Liza futi." Ndinaliza, inayenda.

Ndinawafunsa za Khirisimasi monga unapempha. Anati, "Chidani nilibe naye. Koma akabwera manje, nikamuona na miyendo yake iwiri, chizabwera. Muuze ayembekezeko." Ndinafunsa mpaka liti. Anati sadziwa.

Amenewo ndi mawu awo. Anga ndi awa. Lusaka si yanga, ukafuna kubwera bwera. Koma pageti pathu usagogode. Phazi limene adula ndi limene linkaponda matope a mu Matero kukuperekeza kusukulu utaberekedwa kumsana, iwe ukulira kuti sufuna kunyowetsa nsapato. Unali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ine ndinkayenda pambuyo, ndikukumbuka.

Galimoto ndikuyendetsa ine. Loweruka lililonse ndiziwatenga kuchipatala kukatsukitsa bala. Ukafuna kuiona, ukaime m'mbali mwa msewu wa Lumumba cha m'ma naini koloko m'mawa. Imayenda pang'onopang'ono, udzationa bwinobwino. Sitidzaima.

Virginia